Dzina pa Mwendo wa Nkhuku

Mwezi uno tiyeni tikambirane za dzina. Pali dzina limene mwana amapatsidwa potuluka m'chikuta. Limenelo munthu amangolandira, salivutikira. Koma pali dzina lina limene anthu amampatsa munthu atagula kanthu kwa iye, atamkongoza ndalama, kapena atamsiyira ntchito iwo nachokapo. Dzina lachiwirili silimveka mwini wake ali pomwepo. Limatchulidwa iye atatembenuka, ndipo limafika m'midzi imene iye sanapondemo. Kuti timvetse kulemera kwake, tikutengani ku msika wina wa kutali, m'dziko la France, kumene dzina la mlimi limalembedwa pa mwendo wa nkhuku.

Mzinda wa pakati pa mphesa

Mzindawo ndi Beaune, m'chigawo cha Burgundy, chimene eni ake amachitcha Bourgogne. Uli pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Paris, ndi makilomita ngati 40 kumwera kwa Dijon, kumene mwana wathu akuchita maphunziro. Ndiye amene anatiperekeza natimasulira chinenero. Ndi mzinda waung'ono, wa anthu ngati 20,000, koma mbiri yake inawanda pa dziko lonse chifukwa cha vinyo. Kumadzulo kwake kuli chitunda chachitali cha miyala ya laimu, ndipo m'mbali mwa chitundacho muli mizere ya mipesa yokhayokha mpaka kumene maso alekezera.

Pakati penipeni pa mzindawo pali nyumba yaikulu ya msika imene amaitcha Les Halles. Msika waukulu umakhala Loweruka m'mawa, ndipo waung'ono umakhala Lachitatu. Loweruka malonda amasefukira mpaka m'misewu yozungulira: ndiwo zamasamba, zipatso, maluwa, zovala ndi madengu. Koma ogulitsa nyama, nkhuku ndi tchizi ambiri amakhala m'kati, pansi pa denga, m'mene dzuwa ndi mvula sizifika. Nthawi ikamakwana 1 koloko masana amakhala atayamba kale kulongedza.

Mlendo wolowa pa msikawo ayenera kuphunzira miyambo iwiri. Woyamba ndi moni. Simuyamba kufunsa mtengo musanapereke moni kwa wogulitsa, ndipo apa tinaona kuti si ife tokha amene tinaleredwa. Wachiwiri ndi wakuti wogula sagwiragwira zipatso. Mumanena chimene mukufuna, ndipo wogulitsa amakusankhirani yekha. Nthawi zina amafunsa ngati mudya lero lomwe kapena mkuja, kuti akupatseni zopsa molingana ndi tsikulo. Taganizirani bwino: wogula akusiya maso ake m'manja mwa wogulitsa. Mwambo wotere sungathe chaka pa malo pamene ogulitsa anazolowera kubisa zoola pansi pa mulu.

Pa zipatso ndi ndiwo zamasamba pamakhala kasileti kolembedwa ndi choko, kapena kachikwangwani, konena dzina la chinthucho, mtengo wake, ndi dziko kumene chinalimidwa. Lamulo limafuna chomwecho. Kunenerera kulibe, ndipo munthu wa kwathu, wozolowera kukambirana mtengo ndi kupempha basela, angayese kuti ndi kuuma mtima. Komatu pali ubwino wake. Mwana wotumidwa ndi amake amalipira chimodzimodzi ndi bwana wotsika m'galimoto, ndipo mlendo wosadziwa chinenero samukwezera mtengo poona nkhope yake.

Sikelo imaikidwa poonekera, kuti wogula awerenge yekha manambala. Pa sikeloyo pamakhala kapepala kobiriwira, kosonyeza kuti oyesa miyeso anaipima naipeza yoona. Sikelo zotere zimapimidwa pa zaka ziwiri ziri zonse, ndipo yolephera imamatidwa kapepala kofiira. Ana athu a sukulu adziwe kuti kilogalamu imene timawaphunzitsa m'kalasi inabadwira m'dziko lomweli m'zaka za m'ma 1790. Nthawi imeneyo isanafike, chigawo chiri chonse chinali ndi miyeso yakeyake, ndipo wosauka ankaberedwa osadziwa kokadandaula.

Mphete ya pa mwendo

Tsono tifike pa nkhuku zija. Kum'mawa kwa mtsinje wa Saône, kufupi ndi Beaune, kuli dera lotchedwa Bresse. Nkhuku za kumeneko ndi zoyera nthenga, zofiira lipombo, ndi zamiyendo yobiriwira ngati thambo. Pa msika zimagulitsidwa zososola koma mutu ndi miyendo ziri pomwepo, kuti wogula adzionere yekha mtundu wake. Kuyambira chaka cha 1957 lamulo la dziko limateteza dzina la nkhuku zimenezi. Mlimi wofuna kuligwiritsa ntchito ayenera kukhala m'deralo, ayenera kupatsa nkhuku iri yonse bwalo la udzu losachepera mamita 10 m'bwalo mwake monse poyeza m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi, ayenera kuidyetsa chimanga, tirigu ndi za mkaka, ndipo ayenera kuidikira miyezi ngati 4, pamene nkhuku zachizungu zimene tidziwa zimapita ku msika zitatha milungu 6. Pomaliza, pa mwendo wa kumanzere amaika mphete yolembedwa dzina la mlimi amene anaiweta.

Mtengo wa nkhuku imodzi yotere ugula nkhuku wamba zingapo, ndipo anthu amalipira osang'ung'udza. Koma mphete ija iri ndi mbali ziwiri. Nkhuku ikakoma, ulemu umapita kwa mwini dzina. Ikakhala yoipa, wogula adziwa khomo loti akagogode. Mlimi amene wavomera kulemba dzina lake pa mwendo wa nkhuku wadzitsekera yekha njira yothawira.

Zomwezo tinaziona pa zakudya zina. Dzira liri lonse liri ndi chidindo: nambala yoyamba, kuchokera pa 0 mpaka 3, imanena kawetedwe ka thadzi, ngati limayenda panja kapena limakhala m'khola, kenaka pali zilembo za dziko ndi nambala ya famu. Wogulitsa nyama ya ng'ombe amasonyeza kumene ng'ombeyo inabadwira, kumene inakulira ndi kumene inaphedwera. Ng'ombe zambiri za m'chigawochi ndi zoyera, za mtundu wa Charolais.

Palinso tchizi, chakudya chopangidwa ndi mkaka woundana. Ina yotchedwa Comté, yochokera ku mapiri a Jura, ndi yaikulu ngati tayala la galimoto. Imodzi imalemera makilogalamu ngati 40, imadya malita a mkaka ngati 400, ndipo siituluka mosungiramo isanathe miyezi 4. Mlimi wa ng'ombe zochepa sangapeze mkaka wotere tsiku limodzi, chotero kuyambira kalekale alimi a mudzi umodzi amasonkhanitsa mkaka wao pamodzi. Pa khungu la tchiziyo amamatapo chizindikiro chobiriwira chonena kumene inapangidwira ndi nthawi yake. Apa dzina si la munthu mmodzi ai, ndi la mudzi wonse. Mmodzi akabwera ndi mkaka woipa, waononga thukuta la anansi ake onse.

Kodi ndi olungama kuposa ife?

Wina angafunse kuti, kodi anthu amenewa anabadwa ndi mtima woona kuposa wathu? Iai ndithu. Ndi ana a Adamu monga ife. Malamulo onsewa anabadwa chifukwa cha chinyengo, ndipo chinyengo chachikulu chinali cha pa vinyo.

Cha m'ma 1863 kumwera kwa France kunaoneka kachirombo kakang'ono konga nsabwe za m'masamba, kochokera ku America, kotchedwa phylloxera. Kamayamwa mizu ya mpesa mpaka mtengo wonse kuuma. M'chaka cha 1878 kanafika ku Meursault, mudzi woyandikana ndi Beaune, ndipo m'zaka zowerengeka minda yambiri ya dzikolo inatheratu. Mankhwala ake anapezeka pa kumezanitsa: nthambi ya mpesa wa ku France anailumikiza pa tsinde la mpesa wa ku America, umene mizu yake imapirira kachiromboko. Pafupifupi mipesa yonse ya ku Burgundy lero ndi yomezanitsa chotero.

Koma pamene minda inali gwa, anthu akudikira mipesa yatsopano, akamberembere anapeza mpata. Ankasakaniza mphesa zouma, shuga, madzi ndi utoto, nagulitsa m'maina a midzi yotchuka. Minda itabwerera mwakale, vinyo anachuluka koposa, wachinyengo nayenso osatha, ndipo mtengo unagwa kotero kuti alimi oona anasauka. M'chaka cha 1907 alimi mazanamazana a zikwi anayenda m'misewu ya mizinda ya kumwera kudandaula. Ku Narbonne asilikali anaombera, anthu nafa. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo loletsa kuthira madzi m'vinyo ndi loyang'anira kagwiritsidwe ka shuga. Mu 1935 linakhazikitsa dongosolo loteteza maina a malo, limene lero limateteza tchizi, nkhuku ndi zakudya zina zambiri.

Ku Burgundy dongosololi linapeza maziko akale. Amonke a ku Cîteaux, amene nyumba yao inayamba mu 1098, analima mphesa m'chitunda chija kwa zaka mazana, nazindikira kuti chigawo china cha munda chimabala mosiyana ndi chinzake. Munda wao wotchuka, Clos de Vougeot, anauzinga ndi mpanda wa miyala umene ulipo mpaka lero; ndi wa mahekitala ngati 50, ndipo tsopano uli m'manja mwa eni ngati 80. Timinda ta maina ta m'chitundacho, timene amatitcha climats, tiripo 1,247, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linatilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Minda iwiri yolekanitsidwa ndi kanjira ka ngolo ingasiyane mtengo kambirimbiri, chifukwa cha dzina limene mibadwo inamanga.

Ngakhale ziri choncho, chinyengo sichinafe. Mu 2013 kunadziwika kuti nyama ya hatchi inali kugulitsidwa m'maiko ambiri a ku Ulaya monga nyama ya ng'ombe, m'zakudya zophikaphika za m'masitolo. Inadutsa m'manja mwa amalonda ambiri, kuchoka dziko lina kupita lina, mpaka wogula osadziwanso woti amfunse. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene msika ngati wa ku Beaune ukhalirabe ndi moyo pakati pa masitolo akuluakulu: pamenepa wogulitsa ali ndi nkhope, ndipo Loweruka likudzalo adzaima pa malo omwewo.

Maina opanda munda

Pa msika womwewo pali zinthu ziwiri zimene zitiphunzitsa mbali ina ya nkhaniyi. Choyamba ndi mpiru. Ife timadya masamba ake, koma iwo amapera njere zake kukhala phala lowawa lodyera nyama, ndipo la ku Dijon ndi lodziwika pa dziko lonse. Komatu dzina limeneli silitetezedwa monga la nkhuku ija. Limangonena kapangidwe, ndipo ali yense kuli konse angalilembe pa botolo. Alimi a m'chigawocho anali atasiya kulima mpiru, kotero kuti njere zambiri zinkachokera ku Canada. Chilala chitagwa ku Canada mu 2021, chaka chotsatira anthu a ku France anapeza mashelefu a mpiru ali mbee. Alipo amene anayamba kale kubwezera dzinalo ku nthaka: kuyambira 2009 pali dzina lotetezedwa la mpiru wa ku Burgundy, wa njere zolimidwa komweko, ndipo mu Beaune momwemo muli nyumba ya Fallot, yoyamba mu 1840, imene imaperabe njere ndi mphero za miyala.

Chachiwiri ndi nkhono. Inde, nkhono zomwe zija. Amaziphika ndi batala ndi adyo, ndipo ndi ndiwo ya ulemu. Zimatchedwa nkhono za ku Burgundy, koma zambiri zimatoledwa ku maiko a kum'mawa monga Poland ndi Romania, pakuti za komweko zinachepa kwambiri, mpaka mu 1979 boma linaletsa kuzitola kuyambira April kufikira June. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anzathuwa anasowa kudekha, ndipo anatsala ndi dzina, nkhono zitapita.

Achinyamata, imvani apa. Dzina lingakhalepo munda utatha. Alipo ana amene akudyera dzina la agogo ao, amene anali aphunzitsi kapena alaliki odziwika, koma iwo eni alibe chimene anafesa. Dzina lotere limaoneka lamphamvu kufikira tsiku la chilala.

Kutsidya kwa msewu

Mukatuluka pa khomo la msika, maso anu amagwa pa nyumba yakale imene iri moyang'anizana nao, yotchedwa Hôtel-Dieu. M'bwalo lake la m'kati muli madenga a mapale onyezimira a mitundumitundu. Inamangidwa kuyambira 1443 ndi Nicolas Rolin, nduna yaikulu ya Philip, wolamulira Burgundy, pamodzi ndi mkazi wake Guigone de Salins. Inali nthawi ya kumapeto kwa nkhondo ya zaka zana, magulu a asilikali osowa ntchito akufunkha midzi, anthu a mu Beaune ambiri ali pa njala. Wodwala woyamba analandiridwa pa 1 January 1452. M'chipinda chachikulu cha osauka muli mabedi a makatani ofiira ondanda mbali zonse ziwiri, ndipo kumapeto kwake kuli malo opemphererapo, kuti wodwala amve mapemphero ali chigonere. Mu 1971 odwala anasamukira ku chipatala chatsopano, ndipo nyumba yakaleyo tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale.

Rolin analemba kuti akuchita ichi poganizira chipulumutso cha moyo wake. Ife amene tinaphunzira Aefeso 2:8-9 tidziwa kuti chipulumutso sichigulidwa ndi nyumba, ingakongole chotani. Komabe odwala amene anagona m'nyumba imeneyo kwa zaka zoposa 500 analandira chifundo chenicheni, ndipo tisachepse ntchito imeneyo.

Chipatalacho chinakhala ndi moyo chifukwa cha mphatso. Kuyambira 1457 anthu anayamba kuchipatsa minda ya mphesa, ndipo lero chiri ndi mahekitala ngati 60. Kuyambira 1859 vinyo wa m'mindayo amagulitsidwa pa okushoni, monga timachitira ndi fodya. Malondawo amachitika Lamulungu lachitatu la mwezi wa November, ndipo malo ake ndi m'nyumba ya msika yomwe ija. Matebulo a nyama ndi tchizi amachotsedwa, mipando nkuikidwa, ndipo ogula ochokera m'maiko ambiri amapikisana pa migolo ya malita 228 umodzi. Migoloyo imatchedwa maina a anthu amene anathandiza chipatalacho, ena a iwo anamwalira zaka mazana zapitazo. Mu 2022 malondawo anabweretsa ndalama za euro pafupifupi 29 miliyoni, ndipo phindu lake limathandiza pa zipangizo ndi nyumba za chipatala ndi kusamala nyumba yakale ija. Ogula amalipira koposa mtengo wa masiku onse chifukwa amakhulupirira dzina la chipatalacho. Dzina labwino lingadyetse ngakhale anthu amene sanalivutikire.

Nanga za vinyo?

Tikudziwa kuti mnyamata wina wochenjera wayamba kale kumwetulira. Akuti, onani, ngakhale mkulu wa mpingo wavomera kuti vinyo amamanga chipatala. Mwana wathu, khala pansi, nkhani siinathe. Dzina loona limanena chimene chiri m'botolo, koma silichotsa ululu wake. Eni ake a mphesa amadziwa zimenezi kuposa ife.

Kale ku France ana a sukulu ankamwa vinyo pa chakudya cha masana. Mu 1956 boma linaletsa mowa m'malo odyera a sukulu kwa ana osakwana zaka 14, ndipo mu 1981 linaletsanso m'sukulu za sekondale. Mu 1991 linaika lamulo lochepetsa kutsatsa malonda a mowa. Kuyambira 2007 botolo liri lonse liyenera kukhala ndi chenjezo kwa amai oyembekezera, pakuti mowa umaononga mwana ali m'mimba. Mu 2009 analetsa kugulitsa mowa wa mtundu uli wonse kwa munthu wosakwana zaka 18. Cha m'ma 1960 munthu mmodzi ankamwa malita a vinyo oposa 100 pa chaka; lero safika ndi theka lomwe. Ndipo ndi zonsezi, a zaumoyo a dzikolo anawerengera kuti m'chaka cha 2015 mowa unapha anthu ngati 41,000, kuposa kawiri chiwerengero cha anthu onse a mu Beaune.

Mtundu umene umapeza chuma ndi ulemu pa mphesa ukamatchinga ana ake chotere, ife tidzanena chiyani za kachasu wogulitsidwa m'mabotolo opanda dzina, amene sadziwika wotcheza, ngakhale chimene anathiramo? Mpingo wathu uli ndi chiphunzitso chake pa nkhani ya mowa, ndipo zimene tinaona ku Beaune sizinatipatse chifukwa chochisiyira. Werengani Miyambo 23:29-35 pa mapemphero a banja, ndipo muwafunse ana ngati sanamuonepo munthu wofotokozedwa pamenepo.

Tibwerere kwathu

Tsono tiyeni tiyang'ane m'misika mwathu, m'mene ogulitsa ambiri ndi akristu anzathu, ena ovala yunifolomu ya mpingo Lamulungu. Tonse tidziwa ndowa yopondereza pansi kuti ichepe. Tidziwa sikelo ya venda imene imadya makilogalamu a mai wamasiye, ndiponso tidziwa mlimi amene amabwezera pothira mchenga m'thumba. Tidziwa mkaka wothira madzi, mpunga wosakaniza wogulitsidwa m'dzina la Kilombero, ndi belo la fodya lokongola kunja koma m'kati muli zinyalala. Wochita zimenezi amati ndi nzeru za malonda. Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu amaika miyeso yonyenga ndi katundu wachinyengo m'gulu limodzi ndi kuba. Levitiko 19:35-36 ndi Miyambo 11:1 amatiuza kuti Mulungu ali ndi chidwi ndi sikelo, ndipo Amosi 8:4-6 amatiuza amene amapwetekedwa nayo: ndi wosauka.

Ndiponso mlandu wake sugwera wochimwa yekha. Mtedza wathu wa Chalimbana unali ndi mbiri ku maiko a kunja. Msika wa ku Ulaya unatichepera kwambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi poizoni wa chuku amene amapezeka mu mtedza wosauma bwino. Munthu amene amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa kapena kuti ulemere pa sikelo amaona ngati wapindula lero, koma chuku chimenecho chikalowa m'phala la ana athu omwe, ndipo chitseka khomo la malonda kwa alimi onse. Ali ngati mlimi wa ku Jura amene wabwera ndi mkaka woipa ku mtsuko wa mudzi.

Kwa inu achinyamata, setifiketi ya sukulu ndi mphete ya pa mwendo. Imanena kwa anthu amene sakudziwani kuti m'mutu umu muli zakutizakuti. Wobera mayeso wavala mphete yabodza. Angapeze ntchito, koma tsiku lidzafika pamene wodwala, kapena mlatho, kapena kalasi ya ana idzafunsa chimene pepalalo linalonjeza. Ndipo ali yense wobera amachepsa setifiketi ya mnzake amene anagona mochedwa akuwerenga pa kandulo. Ife aphunzitsi ndi makolo amene timathandiza ana kubera, poganiza kuti tikuwakonda, mlandu wathu ndi woposa wao.

Tisaiwale kuti mkristu ali yense amayenda ndi maina awiri: la banja lake, ndi lija linatchulidwa pa iye tsiku la ubatizo. Lamulo lachitatu silinena za kutukwana kokha. Mai wa mpingo akanyenga pa muyeso, wogula sanena kuti mai uje ndi wakuba basi. Amanena kuti ndimo alili anthu opemphera. Pamenepo dzina la Ambuye lachitidwa mwano chifukwa cha kambale ka nyemba.

Tichite chiyani tsono? Sitiyenera kudikira boma kuti litimatire kapepala kobiriwira. Mwezi uno banja liri lonse logulitsa kanthu litenge muyeso wake, kaya ndi ndowa, mbale kapena sikelo, liupime ana akuona, ndipo ngati uli wopereka pang'ono liukonze kapena kuutaya. Poika tomato pa mulu, mwana aphunzire kuti za pansi zikhale zofanana ndi za pamwamba, ndipo zoonongeka ziikidwe padera ndi mtengo wake wotsika. Magulu a alimi ndi a amai a m'mipingo amene amagulitsa pamodzi ufa, uchi kapena mtedza ayambe kulemba dzina la gulu ndi la mudzi pa katundu wao, ndipo agwirizane chochita ndi membala woononga dzinalo. Poyamba phindu lidzaoneka lochepa, pakuti woona mtima amapikisana ndi wonyenga pa msika umodzi. Koma wogula ndi munthu, amakumbukira, ndipo amauza anzake.

Makolo ambiri timadandaula kuti tiribe chuma chosiyira ana athu. Minda ikuchepa, ng'ombe zinatha, ndalama sizikhalitsa. Miyambo 22:1 itikumbutsa kuti chiripo cholowa choposa chuma, ndipo wosauka angachisiye mofanana ndi wolemera. Mwana wofika pa malo achilendo, anthu nanena kuti, uyu ndi mwana wa uje, mpatseni, kwao sanama, ameneyo walandira cholowa chimene mbala siingabe. M'mera mpoyamba, tiyambe ndi muyeso umene uli m'nyumba mwathu lero. Ambuye atithandize, ndipo tidzachezanso mwezi wa mawa.